Thebulo la Khrisimasi: maluwa akhale pati, nsima ikhale pati?

Amake Taonga
Odi pagulu pano. Inu odziwa zokongoletsa tithandizeni. Khrisimasi ino banja likumana kuno ku Chipata, akuluakulu 24 ndi ana ngati 10, kudyera panja. Chakudya ndi chathu chomwechi: nsima, mpunga, nkhuku, nyama ya mbuzi, masamba otendera ndi saladi. Mathebulo a m'zithunzi za pa Facebook amadzaza maluwa ndi makandulo, moti munthu umadabwa kuti nanga nsima imakhala pati. Tiyambire pati?

NaPhiri
Poyambira ndi pomwepo pa nsimapo, amake Taonga. Zithunzi zambiri zija ndi za anthu amene amawabweretsera chakudya chopakuliratu, aliyense mbale yake, ndiye pakati pa thebulo pamakhala popanda ntchito, n'kupadzaza maluwa. Ife ndiwo timaika pakati, aliyense n'kumatambasula dzanja. Yambani mwapatula malo a chakudya, zokongoletsa zitenge potsala.

Tengani tepi. Munthu mmodzi amafuna masentimita 60 m'mbali mwa thebulo, apo ayi zigongono zizigundana potema nsima. Thebulo lopinda la pulasitiki, lija amabwereketsa pamodzi ndi matenti, ndi pafupifupi masentimita 180 mulitali, 75 mulifupi, 75 kuchoka pansi. Limakwana anthu 6, atatu uku atatu uku. Obwereketsa amati 8 powerengera kumapeto konse kuwiri, koma wokhala kumapetoyo amatenga malo a mbale ya ndiwo.

Tsopano onani vuto lake. Mbale yodyera yaikulu ndi masentimita 26 kapena 27. Ikani mbale uku, ina uku, pakati patsala kampata kosafika masentimita 20. M'kampata kameneko ndi momwe mukufuna mulowe nsima, ndiwo zitatu, mchere, matambula ndi maluwa. Sizingatheke.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, chakudya chonse chikhale pa thebulo lakelake, anthu azikadzipakulira, ndiye mathebulo 4 odyera akukwanirani ndipo pakati mutha kukongoletsa pang'ono. Yachiwiri, gundanitsani mathebulo awiriawiri m'mbali mwake, apange limodzi la 180 kwa 150. Pakati pamatsala malo pafupifupi masentimita 90, anthu 8 amakhala momasuka. Mathebulo 6 akupatsani magulu atatu a anthu 8. Pa banja yachiwiriyi ndiyo yabwino, chifukwa agogo saimirira pamzere ndi mbale m'manja.

A Mbewe a matenti
Mukagundanitsa, mangani miyendo yoyandikanayo ndi mphira wa chubu, malegeni aja. Popanda kumanga, mmodzi akangotsamira mathebulo amatalikirana, nsalu n'kulowa mumpata pamodzi ndi mbale ya msuzi. Mathebulo awiriwo akasiyana msinkhu, ikani makatoni pansi pa miyendo ya lalifupilo mpaka dzanja lizidutsa pamwamba osakodwa.

Mwati panja. Disembala ndi mvula, ndipo ya masana imabwera mosagogoda, choncho pakhonde kapena m'tenti. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pamthunzi wabwino koma nyengo ino ndi pamsonkhano wa ntchentche ndi nyerere, ndiponso bango lakupsa likagwa silisankha mbale. Kumbuyo kwa mipando siyani mita imodzi kuti wonyamula jagi adutse popanda kuimiritsa munthu. Pansi pakakhala ponyowa miyendo ya mipando ya pulasitiki imamira n'kutagadza, ndi momwe imathyokera. Sankhani pouma, kapena thirani mchenga dzulo lake.

Thebulo la makeke ndi zakumwa, miyendo yake muiike m'zitini zothira madzi. Koma nsalu isakhudze pansi, nyerere zidzakwera pa nsaluyo.

A Tembo atelala
Za nsalu ndiyankhe ine. Yezani pamwamba pa thebulo, muonjezere masentimita 50 mulitali ndi 50 mulifupi, kuti ilendewere 25 mbali iliyonse. Ikapitirira 30 imagona pamaondo a anthu, ndipo woimirira mwachangu amaikoka ndi zonse zili pamwamba.

Thebulo logundanitsa la 180 kwa 150 lifuna nsalu ya 230 kwa 200. Apa zitenje zimagwirizana bwino ndi masamu. Chitenje mulifupi chimakhala pafupifupi masentimita 115. Ziwiri za mamita awiriawiri mukazilumikiza m'mbali mwake zimapanga 200 kwa 228, ndiye basi yakwana. Koma pitani ndi tepi pogula, kaya ndi ku Kapata, ku Saturday Market kapena ku Down Shops. Zambiri amadula mayadi 2, amene ndi masentimita 183 okha, ndipo zimenezo zilendewera pang'ono kwambiri. Pa thebulo limodzi la 180 kwa 75, chitenje cha mamita 2 chimaperewera kumapeto, dulitsani mamita 2 ndi theka.

Thebulo loikapo miphika ndilo lokha lofunika nsalu yofika m'munsi, kuti ibise zidebe ndi makreti. Yofika pansi mbali zonse ndi 330 kwa 225, koma musataye nsalu kumbuyo kumene kulibe woona. Phimbani kutsogolo ndi m'mbali, mupinde mapindo n'kubaya mapini m'munsi mwa nsalu yapamwamba.

NaPhiri
Masamu a atelala ndi oona, koma pa kuyala chitenje thebulo lonse sindigwirizana nawo. Chitenje chimalankhula kwambiri. Muikepo mbale zamaluwa, mabakuli amitundumitundu, mabotolo a zakumwa, diso limasowa pogwira ndipo chakudya chimasochera. Yalani nsalu ya mtundu umodzi, yoyera kapena yonga mkaka, kenako kansalu ka chitenje kodutsa pakati, kamene timati runner. Mitundu ikhale iwiri, wachitatu pang'ono chabe. Mitunduyo muitenge m'chitenje momwemo: ngati chili ndi kufiira ndi kubiriwira, maseviyeti akhale amodzi mwa imeneyo.

A Tembo atelala
Palibe chovuta amai, lumo ndi lomwelo. Chitenje chimodzi mukachidula mulitali patatu chimatulutsa ma runner atatu a masentimita 38, akapindidwa m'mphepete atsala 35. Litalike kuposa thebulo ndi masentimita 40 kapena 50. Maseviyeti a 45 kwa 45 amatuluka 8 pa chitenje cha mamita 2, a 36 kwa 36 amatuluka 15. Sankhani cha timaluwa ting'onoting'ono kapena mizere. Cha chithunzi chachikulu mukachidula mumapeza theka la nsomba uku, mchira uko. Ndipo chonde zitenje za nkhope za anthu, kaya za chipani kaya za mpingo, zisiyeni m'sutikesi. Cha chipani chiyambitsa mkangano pemphero lisanathe.

Chofunika kwambiri: chapani chitenje chatsopano musanadule. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo zotsika mtengo zimachucha utoto. Poyesa, nyowetsani kansalu koyera mupukute pa chitenjecho mwamphamvu. Kakasintha mtundu, chapani m'madzi ozizira mpaka madzi atayera. Ena amathira mchere, koma musaudalire. Tambula ya chakumwa chozizira imachita thukuta, madziwo amadutsa pa runner n'kusiya chizindikiro chofiira pa nsalu yoyera, ndipo ngati ndi yobwereka mulipira.

Kuti nsalu iime bwino, sungunulani supuni imodzi yaikulu ya ufa wosalala wa chinangwa m'madzi ozizira pang'ono, thirani m'lita imodzi ya madzi owira mukutakasa, musefe, muonjezere malita awiri ozizira. Viikani nsalu, yanikani, musite isanaumiretu, chakuseri. Mukatha ikulungeni pa ndodo ya tsache, musaipinde, kuti mizere isabwerere.

Amake Taonga
Nanga pulasitiki yoonekera ija ena amayala pamwamba poteteza nsalu? Ndi ana 10 ndikuopa msuzi.

Amai Sakala ophika pa maphwando
Pa thebulo la ana yalani, palibe amene adzadandaule. Pa la akuluakulu ayi. Kukatentha imamata m'mikono, madzi akatayika sailowa koma amathamangira pa chovala cha munthu, ndipo mbale ya nsima yotentha imaifinya n'kusiya bwalo losachoka. Satini nayenso mupeweni pa thebulo lodyera. Amaterera, ndipo dontho limodzi la mafuta limafalikira ngati chikhatho. Ameneyo ndi wa thebulo la keke.

Chotentha chilichonse chikhale pa chinthu china. Thebulo la pulasitiki limapindika ndi mphika wochoka pa mbaula, lamatabwa opaka vanishi limachita bwalo loyera. Timphasa toluka ta mlaza kapena kathabwa zimakwana, ndipo tamlaza timakongoletsa pa tokha. Pa gulu la anthu 8 werengani malo a zinthu izi: ma food warmer awiri a nsima, kumapeto uku ndi uku kuti wina asadutsitse mkono pa mbale ya mnzake, limodzi la mpunga, mbale zitatu za ndiwo, ya saladi, mchere ndi tsabola. Ziyaleni zopanda kanthu dzulo lake muone potsala. Potsalapo ndi pamene pali malo a maluwa, nthawi zambiri ndi malo a botolo limodzi kapena awiri.

Kayalidwe ka m'mahotela mukudziwa: mbale masentimita 2 kuchoka m'mphepete, foloko kumanzere, mpeni kumanja kukuthwa kwake kutayang'ana mbale, supuni kunja kwa mpeni, tambula kutsogolo kwa mpeni. Pa nsima sinthani chinthu chimodzi. Tambula ipite kumanzere, chifukwa dzanja lamanja lili ndi nsima ndi msuzi, munthu amamwa ndi lamanzere. Mukaisiya kumanja, pofika pakati pa chakudya matambula onse ali ndi zala za mafuta. Mipeni musavutike kuyala pa malo onse 24. Foloko ndi supuni mukulunge mu seviyeti kwa odya mpunga, mipeni ingapo ikhale pafupi ndi nyama. Mbale ndi matambula muonjezere 6 pa chiwerengero chanu, Khrisimasi sibwera ndi oitanidwa okha. Kambale ka mafupa kamodzi pa anthu anayi, apo ayi mafupa a nkhuku athera pa runner wanu.

Kosamba m'manja musakuiwale pokongoletsa. Kathebulo kapadera polowera, chidebe cha mpopi, beseni pansi pake, sopo ndi mapepala opukutira. Akuluakulu muwasambitse pamalo pawo ndi jagi ndi beseni, madzi othira, osati onse kuviika m'beseni limodzi. Nyengo ya mvula ndi nyengo ya kolera. Pa chifukwa chomwecho saladi ya mayonezi ituluke pomaliza ndipo chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri.

Agogo NaBanda
Ana anga, zonsezo n'zabwino, koma mwayala mipando osafunsa kuti akhalepo ndani. M'mabanja ambiri kuno mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake. Mukawakhazika moyang'anizana, mnyamatayo adzangotsina nsima kawiri n'kunena kuti wakhuta. Magulu atatu aja a NaPhiri akuthandizani pamenepa: akuluakulu kwawo, akamwini ndi alamu awo kwawo, enawo kwawo. Thebulo la akuluakulu likhale pamthunzi weniweni, kutali ndi sipika ndi utsi wa mbaula, ndipo lilandire chakudya poyamba.

Ana musawavutitse ndi mipando. Mphasa ziwiri, chitenje pakati, mbale zosasweka. Mphasa ina yalani pafupi ndi akuluakulu, alipo azimai amene akatha kudya amafuna kuongola miyendo pansi.

China ndinene. Maluwa ozungulira aja a Khrisimasi, olukidwa ngati nkhata, a m'zithunzi za kunja. Kwao amapachika pakhomo posangalala. Kuno nkhata ya maluwa timaidziwa kumanda. Musaike chinthu chotero pamaso pa nkhalamba.

NaPhiri
Agogo mwanena zoona, za nkhatazo ambiri sitiziganizira.

Amai Daka a maluwa
Ndalowa mochedwa, koma maluwa ndi mbali yanga. Choyamba msinkhu. Ikani chigongono pa thebulo, mkono uimirire. Maluwa asapitirire pamene pali nkhonya yanu, ndiwo masentimita 25 mpaka 30. Akapitirira, anthu amalankhulana mosuzumira, ndipo mlendo wolimba mtima amangowanyamula n'kuwaika pansi. Aatali akhale pa thebulo la miphika, kumbuyo kwa chakudya.

Mavazi simufunika kugula. Mabotolo a jamu kapena a mayonezi, viikani m'madzi ofunda pepala lichoke, mangani kachidutswa ka chitenje chotsala kapena chingwe cha khonje pakhosi. Pansi pake ikani timiyala, mphepo isagwetse. Ngati mukufuna kankhali kadothi, ikani botolo m'kati mwake, chifukwa dothi limachucha madzi pang'onopang'ono n'kunyowetsa nsalu.

Dulani m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi mpeni wakuthwa, mopendeketsa, n'kuponya m'chidebe cha madzi nthawi yomweyo. Masamba onse amene angamire m'madzi achotseni, ndi amene amaola n'kununkhitsa madzi. Pa lita imodzi ya madzi thirani supuni yaing'ono ya shuga, supuni yaing'ono ya madzi a mandimu ndi madontho atatu kapena anayi a Jik. Shuga amadyetsa duwa, Jik amapha tizilombo tomwe timatseka phesi. Mukaika shuga yekha madzi amachita thovu msanga. Musanalowetse maluwa pa thebulo, agwedezeni chozondotsa, mumakhala nyerere ndi timbozi.

Tsopano oyenera kupewa pafupi ndi chakudya, makamaka pali ana. Flame lily, duwa lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba lija limaphuka kutchire nthawi ya Khrisimasi yomweyi, ndi lokongola koma lonse ndi poizoni, kuyambira duwa mpaka chitsinde. Oleander wa m'mipanda, chitsamba cha masamba aatali owonda ndi maluwa apinki, oyera kapena ofiira, chimodzimodzi. Frangipani ali ndi mkaka woyabwa, ngati mwamufuna tengani maluwa ogwa okha muwayandamitse m'mbale ya madzi. Lantana, chitsamba cha timaluwa tating'ono tounjikana tamitundumitundu, amanunkha moipa ndipo zipatso zake zosapsa zimadwalitsa ana. Bougainvillea alibe vuto lotere kupatula minga, koma akadulidwa amafota msanga. Mumizeni yense m'madzi kwa ola limodzi, muike pa thebulo alendo atatsala pang'ono kufika.

Poinsettia wofiira wa pa makadi a Khrisimasi musamufunefune. Amafiira masiku akafupika, ndiye kuno amakhala wofiira mu Juni ndi Julayi, pa Disembala ndi masamba obiriwira okhaokha. Kufiira kwa Khrisimasi yathu kupezeni pa maluwa a rozi ndi bougainvillea, kubiriwira pa nthambi za cypress wa mumpanda kapena masamba a mandimu, amene amanyezimira ndipo safota msanga.

Amake Taonga
Ndimaganiza zoika mango m'lichero pakati, poti ali mbwee.

Amai Daka a maluwa
Ikani, koma osapsetsa, otsukidwa utomoni n'kupukutidwa, opanda bala. Limodzi long'ambika limaitana ntchentche za mudzi wonse. Lichero lalikulu lidya malo, funani tating'ono. Zipatso zodula zikhale pansi pa kaneti mpaka nthawi yodya. Mandimu obiriwira asanu m'kambale koyera amakongola kuposa mango ndipo ntchentche sizimawafuna.

A Mbewe a matenti
Makandulo masana ndi kutaya ndalama. Ngati mukhala mpaka usiku, kapena pa 31 Disembala, kandulo ilowe m'botolo lalitali kuposa lawi, pansi pake mchenga wa masentimita 3. Poyera mphepo imaizimitsa kapena kuiweramitsira pa seviyeti ya pepala. Onunkhira aja ayi, amasokoneza fungo la ndiwo. Pa mphasa ya ana pasakhale moto, ikani nyale ya sola.

Mvula ikagwa masana, madzulo kumatuluka ngumbi ndi tizilombo tina, ndipo zonse zimathamangira kuwala. Babu lowala kwambiri lisalendewere pamwamba pa chakudya. Lipachikeni mamita 4 kapena 5 pambali, pansi pake beseni la madzi, pa thebulo pakhale kuwala kochepa. Tchajani nyale za sola masana, magetsi akathima musayambe kufufuza machesi mumdima.

NaPhiri
Nsalu yoyera yomweyo idzakutumikirani chaka chonse, chosintha ndi runner ndi cha pakati. Alendo a mwambo wa Angoni wa Nc'wala, Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, amabwera mvula ikadalipo, ndiye zonse tanenazi zigwira. Pa Isitala zakumunda zimakhala zitacha: timaungu ting'onoting'ono, chimanga chachiwisi chosenda theka, mpendadzuwa. Mpendadzuwa amagwetsa ufa wachikasu, muugwedeze kapena muunyamule ndi selotepi, mukaupukuta ndi chonyowa umalowerera. Kukazizira muli ndi thonje loyera la kumunda, malambe ndi nsawa zosasenda. Zouma za m'nkhokwe muziyanike padzuwa kaye, anankafumbwe asayende pa nsalu.

Ogasiti, nthawi ya Kulamba ku Mkaika ku Katete, mdani ndi mphepo ndi fumbi. Wazani madzi pabwalo, mbale ndi matambula zivundikireni chozondotsa mpaka anthu akhale, nsalu muipane ndi mapegi kunsi kwa thebulo kapena musokerere kamwala m'ngodya iliyonse. Pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia, mitundu ndi ya mbendera, kubiriwira, kufiira, kuda ndi olenji. Inayi yonse mofanana imalemera, choncho kubiriwira kuchuluke monga kulili pa mbendera pomwe, inayo ikhale timizere. Mabaluni pa dzuwa la Okutobala amaphulika, akuda ndiwo amayamba. Musawapope mpaka kulimba, ndipo akhale pamthunzi.

Amake Taonga
Zikomo nonse. Ndatenga mathebulo 6 ogundanitsa ndi limodzi la miphika. Funso lomaliza: nsalu zoyerazo ndi zobwereka kwa alamu, zikathimbirira ndichite bwanji?

Amai Sakala ophika pa maphwando
Musazigoneke. Msuzi wa tomato ndi mafuta, palani ndi supuni, pakani sopo wotsukira mbale pamalopo, dikirani mphindi 15, chapani ndi madzi ofunda, yanikani padzuwa. Thobwa, munkoyo ndi zakumwa zamitundu, madzi ozizira msangamsanga. Musasite banga lisanachoke, simbi imalikhomerera. Jik ndi wa nsalu yoyera ya thonje yokha, pa chitenje amadya mtundu. Nsalu yonyowa musaiunjike m'thumba la pulasitiki, nyengo ino masiku awiri okha yachita nkhungu yakuda.

A Tembo atelala
Phula la kandulo lisiyeni liume, mulipale ndi kuseri kwa mpeni. Kenako pepala la khaki pansi, lina pamwamba, simbi yofunda, muzisuntha pepala mpaka lisiye kuyamwa. Nyuzipepala ayi, inki imatsalira pa nsalu. Ngati kandulo inali yofiira patsala kachizindikiro, kameneko pakani sopo muchape kawiri.